Labotale pa kagalasi: mafunso ndi mayankho okhudza kujambula tinjira ta timadontho pa kompyuta

Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kuno ku Dedza, ndipo kalabu ya sayansi ili m'manja mwanga. Pa tsiku la makolo teremu yathayi ana anga anaonetsa kachinthu kosaoneka bwino: timapaipi ta diripi, majakisoni awiri opanda singano, mafuta ophikira, ndi madzi othira utoto wofiira. Madziwo ankaduka timadontho tofanana n'kumatsatana m'kati mwa mafuta ngati ana a sitandade 1 polowa m'kalasi. Pambali pake panali laputopu yoonetsa chithunzi cha tinjira tomweto ndi masamu ake. Chichokereni tsiku limenelo mafunso sakundipatsa mpata, kumsika, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi. Ena ndawasonkhanitsa pano monga anafunsira eni ake.

Aphunzitsi, labotale ingakwane bwanji pa kanthu kochepa ngati chikhadabo?

Matebulo ndi mafiriji sakwanapo ayi. Chimene chimachepetsedwa ndi ntchito yake: kupima mlingo wa magazi, kuwasakaniza ndi mankhwala, kudikira, kutenthetsa, kenako kuona zotsatira. Zimene munthu wa mu labu amachita ndi manja ndi timabotolo zimachitikira m'tingalande tosemedwa pa kagalasi kapena kapulasitiki. Tingalandeto n'toonda ngati tsitsi, milimita imodzi mutaigawa pakhumi. Pa Chingerezi kachipangizoko amati lab-on-a-chip, ndipo luso loyendetsa madzi m'malo othina chonchi amati microfluidics.

Si zadzulo. Mu 1979 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ku America anali atasema kale kachipangizo koyezera mpweya pa silicon, chinthu chomwe amapangira ma chip a mu foni ndi kompyuta, ndipo mu 1990 Andreas Manz, akugwira ntchito ku Basel ku Switzerland, analongosola ganizo loika kuyeza konse pa chip imodzi. Chimene chinatsegulira anthu ambiri khomo ndi njira ya gulu la George Whitesides ku Harvard mu 1998, youmba tingalande ndi mphira woonekera mkati wotchedwa PDMS. Amauthira pa chikombole monga timachitira ndi dothi la njerwa, n'kuuwotcha pang'ono, n'kuumata pa galasi.

Bwanji osangosiya madziwo aziyenda okha? Kuwadula timadontho n'kofuna chiyani?

Kadontho kalikonse kozunguliridwa ndi mafuta ndi kabotolo pakokha. Zam'kati mwake sizikhudzana ndi za kadontho kanzake. Tawerengani nane: dontho limodzi la mankhwala a m'maso ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a mililita. Mutalidula timadontho ta nanolita imodzi imodzi (nanolita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a mililita), mupeza 50,000. Ndiye kuti ndi dontho limodzilo muli ndi timabotolo 50,000, ndipo chip yabwino imatha kudula masauzande pa sekondi.

Makina a kampani ya Bio-Rad owerengera DNA amagwira ntchito chonchi. Amagawa sampulo m'timadontho pafupifupi 20,000. Kadontho komwe mwagwera kachidutswa ka DNA yofunidwayo kamawala, komwe mulibe kamakhala zii. Akawerenga towala ndi tosawala amadziwa kuchuluka kwa kachilombo popanda kungoganizira.

Palinso nkhani ya kusakaniza. M'ngalande yoonda chonchi madzi sawinduka ngati Linthipe nthawi ya dzinja. Mitundu iwiri ya madzi imayenda moyandikana, wofiira mbali yake, woyera mbali yake, ngati anthu okwiyirana panjira imodzi. Koma kadontho kakamadutsa m'njira yokhotakhota, zam'kati zimadzitakasa zokha, ndipo zimasakanikirana sekondi isanathe n'komwe.

Timadonthoto amatiyendetsa ndi chiyani?

Njira zazikulu zilipo ziwiri, ndipo kajambulidwe kake n'kosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi ya tingalande. Pampu imakankha mafuta ndi madzi, ziwirizi n'kukumana pa mphambano yooneka ngati chilembo T, mafuta n'kumadula madzi. Gulu la Stephen Quake linaonetsa zimenezi ku yunivesite ya Caltech ku America mu 2001. Zija anaonetsa ana anga ndi mtundu umenewu, kungoti wathu ndi wa chimphona. M'mafutamo amathiramo kamankhwala kokhala ngati sopo kuti timadontho tikagundana tisaphatikane.

Yachiwiri ilibe ngalande. Pali kathabwa kokhala ndi timabokosi tachitsulo tondandalika ngati bolodi ya drafti, pamwamba pake atapaka zinthu zokana madzi. Munaonapo mame pa tsamba la kabichi m'mawa ku Lizulu, mmene amakhalira ndendende ngati mkanda? Kadontho pa kathabwako kamakhala chomwecho. Mukapereka magetsi ku kabokosi koyandikana nako, kadontho kamaphwatalala n'kutsetserekera komweko. Kuyatsa apa, kuthimitsa apo, kadontho kamayenda, kamagawika pawiri, kamaphatikana ndi kanzake. Michael Pollack, Richard Fair ndi Alexander Shenderov anaonetsa zimenezi ku yunivesite ya Duke ku America mu 2000. Dzina lake ndi digital microfluidics.

Nanga kompyuta ikubwerapo pati? Amisiri sangangopanga n'kuyesa?

Ili ndiye funso lomwe ndimalikonda, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Angathe, ndipo kwa zaka zambiri ambiri achita choncho. Munthu amajambula tingalande, n'kutumiza chithunzicho kokadinda pa kapepala koonekera, n'kulowa m'chipinda chopanda fumbi kukapanga chikombole, n'kuumba mphira, n'kumata, n'kulumikiza mapampu, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Masiku apita, ndalama zapita. Akaona kuti timadontho tikulowera kolakwika, amabwerera poyambira. Kangapo konse.

Mmisiri womanga nyumba sayamba wamanga kenako n'kumaona ngati denga likhala. Opanga ma chip a mu foni nawonso anasiya kalekale kuyesa ndi manja: chip yonse amaijambula, kuiyesa ndi kuikonza pa kompyuta isanafike ku fakitale. Cholinga apa n'chomwecho. Mumauza kompyuta kuti ndikufuna kadontho ka magazi kakumane ndi ka mankhwala, tikhale limodzi masekondi mwakutimwakuti, kenako tikafike poyezera. Kompyuta imathandiza kupeza utali ndi kukula kwa ngalande iliyonse, mphamvu ya pampu, ndi nthawi yotulutsira kadontho kalikonse, n'kukuonetsani mmene ziyendere musanagule kanthu.

Kuyesa kwake kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kompyuta imagawa madziwo m'tizigawo tambirimbiri n'kuwerengera mmene kalikonse kakuyendera. Mumaona mpaka mmene khosi la kadontho likuonderera lisanaduke, koma mphambano imodzi yokha ikhoza kudya maola kapena masiku a kompyuta yamphamvu. Kwina kumangotenga ngalande iliyonse ngati mzere wokhala ndi nambala imodzi, yosonyeza mmene ikukanizira madzi. Kumeneku sikuona zokongola, koma chip yonse kumaimaliza m'masekondi. Wanzeru amayamba ndi kwachiwiriku, n'kusungira koyambako malo ovuta okha.

Ine ndimawauza ana anga mosapsatira: chipinda chopanda fumbi sitikhala nacho msanga kuno. Koma gawo lojambula limafuna mutu, masamu ndi laputopu basi, ndipo kulakwitsa pa laputopu sikulipitsa.

Chip ya tingalande ilibe zitseko. Kadontho kakafika pa mphambano kamadziwa bwanji kolowera?

Anafunsa ndi bambo ena olima mpunga ku Bwanje, ndipo yankho analidziwa kale kuposa ine. Madzi a m'ngalande akafika pogawikana, ambiri amathamangira njira yaifupi, yotakasuka. Kadontho nako kamatsata kumene madzi akuyenda ochuluka pa nthawiyo.

Masamu ake ndi omwe aja a magetsi a Fomu 3. Mphamvu ya pampu ili ngati voteji, kuchuluka kwa madzi oyenda kuli ngati karenti, ndipo ngalande ili ngati waya wokaniza. Malamulo a Kirchhoff amagwira ntchito chimodzimodzi: zolowa pa mphambano zimafanana ndi zotuluka. Ngalande ikatalika kawiri, imakaniza kawiri. Koma kuonda ndiye koopsa. Paipi yozungulira mukaichepetsa ndi theka m'mimba mwake, imakaniza ka 16. Mmisiri akafuna kuti m'mimba mwa paipi mukhale 100 n'kutuluka 90, kukanizako kwakwera kupitirira theka la mmene kunalili. Kaphonyedwe kosaoneka ndi maso kasintha zonse.

Tsono pali kena kamene waya wa magetsi alibe. Kadontho kakalowa m'ngalande, nako kamawonjezera kukaniza, monga lole ikalowa mumsewu wa pakati pa msika wa Lizulu: obwera m'mbuyo amayamba kufuna pozembera. Tiyerekeze njira ziwiri, ina mamilimita 10, ina 12. Kadontho koyamba kalowa ya 10. Ngati kukhalamo kwake kukufanana ndi kutalikitsa njirayo ndi mamilimita atatu, ya 10 ija yasanduka ya 13, ndipo kachiwiri kalowa ya 12. Kachitatu kadzaona 13 ndi 15, ngati koyamba kasanatuluke. Kakatuluka, nambala zisinthanso. Ndi timadontho titatu ndi njira ziwiri, mwana amatha kulondola m'kope. Ndi timadontho 200 ndi mphambano 15, palibe mutu wa munthu wotha zimenezo. Michael Schindler ndi Armand Ajdari analemba njira yosavuta yowerengera kuyenda kotereku mu 2008, ndipo mapulogalamu ambiri a masiku ano anamangidwa pa ganizo limenelo.

Chokoma chake n'chakuti vutoli amalisandutsa chida. Mukatsogoza kadontho kamodzi kuti kakatseke njira, kotsatira kamakakamizika kupita kumene mukufuna. Mu 2007 Manu Prakash ndi Neil Gershenfeld ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti timathovu ta mpweya m'tingalande tingathe kuchita masamu a inde ndi ayi monga imachitira kompyuta.

Ya bolodi ya drafti ija siyophweka, poti kadontho mumakauza nokha kopita?

Ikuoneka choncho mpaka mutayesa. Timadontho tiwiri tikayandikana timaphatikana, ndiye pakati pawo pazikhala kabokosi kopanda kanthu nthawi zonse, tikaima ngakhale tikamayenda. Kusakaniza kumafuna malo akeake kwa masekondi angapo, ndipo malo amenewo atsekera ena njira. Kadontho ka magazi a munthu mmodzi kakadutsa, kamatha kusiya litsiro, ndiye pamafunika kadontho kotsuka kadutsepo kasanabwere ka munthu wina. Kuwonjezera apo, kabokosi kalikonse kamafuna waya wake. Bolodi ya timabokosi 20 uku 20 uku ndi mawaya 400, ndipo mtengo umakwera nawo. Pofuna kuchepetsa, timabokosi tingapo timagawana waya umodzi, koma mukayatsa kamodzi mwayatsa tonse, n'kutheka kukoka kadontho kosalakwa kali phee pakona.

Amene anapangapo taimutebulo ya sukulu ya aphunzitsi ochepa ndi makalasi ambiri akudziwa mutu umene umawawa apa. Pulogalamu imayamba yasanja ntchito, iti iyambe iti itsatire, kenako n'kupatsa ntchito iliyonse malo pa bolodi, kenako n'kupezera kadontho kalikonse njira, pomaliza n'kugawa mawaya. Krishnendu Chakrabarty ndi ophunzira ake ku Duke ndi ena mwa oyamba kubwereka njira zimenezi kwa opanga ma chip a magetsi, cha m'ma 2004.

Kompyuta ikanena kuti zitheka, ndiye kuti zithekadi?

Ayi, ndipo ine ndinachita nazo manyazi.

Kachinthu ka ana anga kaja kalibe pampu. Majakisoni awiri aja tinawamangirira pa mtengo, mafuta ndi madzi n'kumatsika okha. Tinayeza zonse Lachinayi masana m'mwezi wa June, dzuwa lili pawindo, tinalemba utali wokwezera jakisoni iliyonse, laputopu n'kugwirizana nafe: timadontho taifupi, totalikirana bwino. Loweruka m'mawa ndinabwera ndi a hedi kuti aone. Kunja kuli chifunga, zala zosagwira choko. Tinatsegula. M'malo mwa timadontho munatuluka zinthu zazitali ngati nyongolotsi, ina kutsata inzake. Mtsikana wina wa Fomu 4 anakweza botolo la mafuta n'kulipendeketsa, n'kunena motsitsa mawu, “Aphunzitsi, taonani mmene akuchitira ulesi.” Mafuta anali atalimba ndi chisanu. Ankatsika pang'onopang'ono, madzi n'kumapeza mpata wolowa ambiri asanadulidwe. A hedi anangoti, “Pitirizani, achimwene,” n'kubwerera ku ofesi.

Laputopu sinaname. Tinaipatsa mafuta a masana, iyo n'kutiyankha za masana. Ngakhale madzi enieni amasintha: pa madigiri 10 amalimba kuposa pa madigiri 30 kupitirira theka, ndipo mafuta amasintha koposa apo. Boma lathu lomweli lili ndi Dedza boma pamwamba pa mapiri ndi Mtakataka kumunsi kufupi ndi nyanja. Chip yojambulidwa ndi munthu amene labu yake imakhala pa madigiri amodzimodzi chaka chonse sidziwa kusiyana kumeneko. Sidziwanso fumbi la October, kapena kathovu ka mpweya kotsekera ngalande, kapena magetsi kuthima kuyeza kuli pakati. Wojambula wabwino amayesa chithunzi chake kambirimbiri, akusinthasintha kutentha ndi miyeso, kuti aone pamene chigwere. Ndipo amene anakulira kuno amadziwa zoti asinthe popanda womuuza.

Mapulogalamu ake ndi ati? Ndi ogula?

Ena inde. COMSOL ndi Ansys Fluent, owerengera madzi mwatsatanetsatane, ndi odula kwambiri kwa munthu payekha. OpenFOAM imachita ntchito yofanana ndipo ndi yaulere, kungoti kuiphunzira n'kukwera phiri la Dedza. Pojambula, ambiri amagwiritsa ntchito AutoCAD, koma KLayout ndi FreeCAD ndi zaulere. Bolodi ya timabokosi mungaijambule pa KiCad, pulogalamu yaulere ya amisiri a zamagetsi.

Palinso opangidwira ntchito imeneyi yokha. Gulu la Douglas Densmore ku Boston University linapanga 3DuF yojambulira, ndi DAFD, yomwe mumaiuza kukula kwa kadontho ndi kuchuluka kwake pa sekondi, iyo n'kukupatsani miyeso ya mphambano, potengera zomwe inaphunzira pa ma chip enieni amene anayesedwa. Gulu la Robert Wille, lomwe linayambira ku Linz ku Austria n'kusamukira ku Munich ku Germany, lili ndi Munich Microfluidics Toolkit. Koma woyamba kumene asathamangire zonsezi. Masamu a njira ziwiri aja amatheka pa Excel kapena ndi mizere yochepa ya Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo amaphunzitsa zambiri kuposa kudinadina mabatani osadziwa chochitika kuseri.

Kachipangizo koyezera malungo kaja ka alangizi a zaumoyo ndi komweku?

Ndi pachibale, koma si komweku. Mmenemo muli kapepala komwe kamayamwa magazi monga chingwe cha koloboyi chimayamwira parafini. Mulibe timadontho toyenda patokha, ndiye kamayeza chinthu chimodzi kapena ziwiri basi, m'mphindi 15 kapena 20.

Nanga makina oyezera makhololo a TB?

GeneXpert yayandikirako. Kabokosi kake kali ndi tizipinda ndi tinjira m'kati, ndipo kamachita kokha ntchito zomwe kale zinkafuna labu yaikulu, m'maola awiri kapena kuchepera. Bungwe la WHO linavomereza kuyeza TB motere mu December 2010. Koma nayonso si ya timadontho.

Za timadonthozi zinayamba zafikapo kumalo ngati kwathu kuno?

Mu 2016 gulu la Aaron Wheeler la ku Toronto linapita ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya ndi kabokosi konyamulika ka mtundu wa drafti uja. Ndi magazi a pa chala ankayeza ngati munthu ali ndi chitetezo ku chikuku ndi rubella. Zotsatira zambiri zinagwirizana ndi za labu yaikulu, osati zonse. Ku America, makina a kampani ya Baebies oyezera makanda matenda ena obadwa nawo anavomerezedwa mu 2017.

Phindu lake kwa ife n'loonekeratu kwa aliyense amene anadikirapo zotsatira. Sampulo yotengedwa kuchipatala chaching'ono kumapiri a Tsangano imadikira njinga yamoto, ifike ku boma, mwina ipitirire ku Lilongwe, yankho libwerere njira yomweyo. Nthawi zina likamafika wodwala sakuonekanso. Koma ndisakunamizeni: makina ambiri a timadontho akadali m'mayunivesite ndi m'malabu olemera, ndipo chip yaing'onoyo nthawi zambiri imazunguliridwa ndi mapampu, makamera ndi zingwe zodzaza tebulo.

Ndinamva kuti dontho limodzi la magazi lingayeze matenda onse. N'zoona?

Chikomekome cha mkuyu. Kampani ya Theranos ku California inalonjeza zotere, anthu n'kuikamo ndalama zankhaninkhani, makina osagwira ntchito yolonjezedwayo. Mwini wake Elizabeth Holmes anapezeka wolakwa pa mlandu wonamiza oika ndalama mu January 2022, n'kugamulidwa zaka zopitirira 11. Masamu ake ndi osavuta: ngati kachilombo kali kochepa kwambiri m'magazi, m'dontho limodzi mukhoza kusapezeka ngakhale kamodzi. Kujambula kwaluso bwanji sikungapeze chimene sichinalowe.

Mwana wanga wazikonda. Angakaphunzire kuti?

Amayi, choyamba agwire masamu, fizikisi ndi kemisitire pa MSCE. Maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zachipatala alipo ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo za labu ya chipatala zili ku KUHeS. Akatswiri akunja ndi akuno anagwirapo kale limodzi ntchito zotere: makina a Pumani othandiza makanda kupuma anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital. Pakadali pano aphunzire Python, ngakhale pa laputopu yobwereka.

Tingayesere kunyumba?

Mungathe, koma ndi madzi, utoto wa chakudya ndi mafuta ophikira basi. Magazi ayi, a munthu kapena a nkhuku. Timapaipi ndi majakisoni mugule zatsopano ku famase, osatola zotayidwa kuchipatala, ndipo singano muzisiye komweko. Pamafunikanso kolumikizira ka njira zitatu kopangira T uja.

Yambani mwadzaza paipi yonse ndi mafuta okhaokha, mpweya wonse utuluke, kenako mutsegule madzi pang'ono. Mukayamba ndi madzi amamatirira kukhoma la paipi ndipo saduka bwino. Timadontho tikatalika, kwezani jakisoni ya mafuta. Tikasowa, kwezani ya madzi. Ikani rula pansi pa paipi, jambulani ndi foni, ndipo m'kope lanu, pambali pa utali wa kadontho, mulembe nthawi ya tsiku ndi mmene kunja kunalili.